Ilala inandikwaniritsa, ngakhale njira yake ndi yayitali

Ine ndinakulira m'tsinde mwa phiri la Mulanje, ndipo madzi amene ndinkawadziwa ndi a mtsinje wa Likhubula basi. Alamu anga atandiitana ku Likoma, ndinanyamuka pa Chitakale mbandakucha, kudzera ku Limbe, Zomba, Liwonde mpaka Mangochi. Minibasi yomaliza inatithithikiza kwambiri, moti ndinafika ku Monkey Bay miyendo itachita dzanzi.

M'mawa mwake ndinalawirira kudoko. Ilala inali itaima phee, yoyera, anyamata akukweza matumba a ufa ndi malata. Mumtengo nkhwazi ziwiri zinkalira zitapendeketsa mitu chagada. Ina inatsika n'kukwatula nsomba ine ndikuona, pafupi pomwepa! Akakowa ankangoyendayenda m'mphepete mwa madzi, osaopa anthu. Ndinaiwala ndi tiyi yemwe.

Sitimayi inapangidwa ku Scotland, inabwera zidutswazidutswa, ndipo yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951, mayi anga asanabadwe. Ogwira ntchito anandilandira mwaulemu, n'kundithandiza kunyamula dengu la nanazi lomwe ndinatengera alamuwo.

Ngati thumba likulola, gulani tikiti ya pamwamba, mpamene nyanja imaoneka bwino. Musaiwale bulangete, mwera ukawomba usiku kumazizira ngati kwathu mu Juni.