Mapaipi a mabuleki a mabogi akale: ndemanga yanga patatha chaka

Loweruka lililonse ndimakagwira ntchito yongodzipereka pa njanji ina yosungirako sitima zakale kuno ku England, kugulu lokonza mabogi. Chaka chatha udindo wosaka mapaipi atsopano a mabuleki unagwera ine. Tsopano ayenda nyengo yotentha ndi yozizira yomwe, ndiye ndingathe kuwanena mwachilungamo.

Mabogi athu ambiri ndi a Mark 1, amene British Railways, kampani ya njanji ya boma ya nthawi imeneyo, inayamba kupanga mu 1951, ndipo mabuleki ake ndi a vacuum. Mutu wa sitima umayamwa mpweya m'paipi yaitali yochokera kutsogolo mpaka bogi yomaliza, geji yoyezera vacuum n'kufika pa mainchesi 21. Mpweya ukangolowa m'paipimo, mabuleki amagwira okha. Lamulo loti sitima zonyamula anthu zikhale ndi mabuleki odzigwira okha linabwera mu 1889, anthu 80 atafa pa ngozi ya ku Armagh ku Ireland, mabogi a ulendo wa Sande sukulu atabwerera chammbuyo pachitunda. Pakati pa bogi ndi bogi pamakhala paipi yarabala ya bowo la mainchesi 2, yokhala ndi waya wozungulira kuti isamatane mkati mpweya ukamayamwidwa. Anzanga kushedi amangoitchula kuti bag.

Mapaipi akale aja anali atatheratu. Ukangoyang'ana ankaoneka abwinobwino, koma ukapinda ndi manja ming'alu inkayasama ngati zikang'a za kumapazi. Mmawa wina dalaiva anavutika kwambiri, singano ya geji ikukakamira pa 18, mabuleki akukhula mawilo sitima isananyamuke. Tinayenda m'mbali mwa sitima yonse titatchera khutu, mpaka tinamva kamluzu kakang'ono pakati pa bogi yachitatu ndi yachinayi. Tsiku limenelo alendo anadikira papulatifomu pafupifupi ola lathunthu, ana akulira, ife manyazi ali tho.

Kupeza atsopano ndiye kunali ntchito. Sitima zamasiku ano zimayendera mabuleki a mpweya wopopa, choncho opanga mapaipi a vacuum ndi ochepa, ndipo sapanga imodziimodzi. Amadikira maoda achuluke kaye. Munthu wina anatilozera akale osagwirapo ntchito omwe ankagulitsa motchipa, ati anakhala m'nyumba yosungiramo katundu kuyambira nthawi ya British Railways. Ndinakana, ndipo sindikudandaula. Rabala imakalamba ngakhale ili pashelefu. Tinagwirizana ndi njanji ina yoyandikana nafe, tinaoda pamodzi ku kampani ina yaing'ono yopanga zinthu zarabala, ife tinatenga khumi ndi awiri.

Apa ndipamene pali dandaulo langa. Anatilonjeza masabata asanu ndi limodzi, katundu anafika patatha khumi, ndipo pakati ponsepa panalibe woimba foni kutiuza chomwe chikuchitika. Bogi imodzi inangokhala pambali nyengo ya alendo ambiri itayamba kale. Atafika, tinapeza kuti mawashala arabala a pamutu wolumikizira mulibe m'bokosi, ati amagulidwa paokha, zomwe sanatiuze pooda. Kawashala kameneka n'kakang'ono koma popanda iko paipi yatsopano imayamwa mpweya ngati yakale yomwe. Komanso awiri mwa mapaipiwo anali ndi deti lopangira lakale ndi zaka zitatu poyerekeza ndi anzawo. Nditawatumizira zithunzi sanachite makani, anasintha sabata lomwelo, mtengo wotumizira n'kulipira okha. Pamenepo anandibwezera mtima.

Mapaipi eni akewo ndilibe nawo chifukwa. Rabala yake ndi yochindikala koma yofewa bwino, ndipo mu Januwale, chisanu chitagwa, sinaume gwa ngati ina yomwe tinali nayo kale. Kulowetsa pachitsulo kunali kothina, monga ziyenera kukhalira. Mkulu wina amene anagwirapo ntchito ya njanji moyo wake wonse anandiphunzitsa kuviika nsonga m'madzi otentha n'kupaka sopo pang'ono, osati oyilo kapena girizi chifukwa zimadya rabala. Inalowa tswii, tinamanga chomangira chake, basi. Titayesa, singano inakwera msanga mpaka 21, ndipo titatseka choyamwa mpweya inkatsika pang'onopang'ono kwambiri. Paipi yakumapeto imakhala bwino pachotsekera chake osapotoka. Mwezi watha ndinapinda iliyonse ndi manja anga, mng'alu sindinaupeze ndi umodzi womwe, ngakhale mabogi athu amagona panja padzuwa ndi pamvula.

Otsala awiri tinawaika m'kabati yamdima, kutali ndi mamota amagetsi, mongogoneka osawapinda. Mapaipi a mabuleki a mpweya wopopa kampaniyi imagulitsanso, koma ife sitinagule.

Mtengo ndi wokwera ndithu kwa gulu lodalira matikiti ndi zopereka ngati lathu, komabe ndikuwapatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Oda yotsatira ndaikonza kale kuti ipite mu Okutobala, sitima zikamayamba kupuma, ndipo ndalembamo mawashala ndi pempho loti atiuze deti lopangira asanatumize.