Lathe yakale ya three-phase pakhomo: kusintha mota, kuika VFD, kapena kukoketsa magetsi ena?

Lathe yanga, makina osemera zitsulo pozizungulitsa, ndi Colchester Student yopangidwa ku England, ndipo ndinaigula ku galaja ina imene inkatsekedwa ku Limbe. Inabwera pa lole mpaka ku Chinamwali, n'kuilowetsa m'shedi poigudubuza pa mapaipi, anthu asanu ndi mmodzi thukuta lili kamukamu, chifukwa kulemera kwake kumapitirira theka la tani. Miyezi iwiri inatha ndikungotsuka dzimbiri pa bedi ndi parafini, kuchotsa oyilo wakuda bii m'bokosi la magiya ndi kusaka malamba atsopano. Tsiku limene ndinati tsopano iyake, m'pamene nkhani inakula: mota yake ndi ya three-phase, magetsi a mawaya atatu amoto, pomwe m'nyumba mwanga, monga m'nyumba zambiri za ku Matawale, Sadzi kaya Mpondabwino, muli single-phase, ya waya umodzi wamoto, ya 230V basi.

Makina ambiri akale amene akupezeka kuno anachokera m'magalaja akuluakulu, m'maesiteti ndi m'mawekishopu a boma, malo amene three-phase inalipo kale. Ndiye aliyense wogula lathe yotere n'kupita nayo kunyumba akumana ndi zomwezi. Njira zenizeni zilipo zitatu. Ziwiri ndaziyesa ndi manja angawa, yachitatu ndaiona kwa mnzanga wa chigayo ku Songani.

Yoyamba, imene aliyense amathamangira, ndi kuchotsa mota yakale n'kuikapo ya single-phase. Inenso ndinayambira pomwepo. Ubwino wake ndi woti mota zotere sizisowa m'masitolo a ku Blantyre, ndipo m'misiri aliyense wa magetsi amazidziwa. Ikapsa, omanganso mawaya a mamota amaikonza. Mulibe kabokosi ka zamakono kamene kangafe n'kukusiyani manja ali m'khosi.

Koma kuiika kwake si kungomanga mabawuti anayi ayi. Mota zakale za ku England zinali za mainchi, pomwe zatsopano ndi za mamilimita: mota ya 2.2 kW, yomwe ndi 3 hp, nthawi zambiri imabwera ndi shafiti ya 28 mm. Pule yakale sigwirizana nayo, mabowo a pansi nawo sakumana. Pule ija ifunika kuiboola pa lathe, lathe yanuyo isanayambe kuyenda, ndiye mukapempha kwa mnzanu. Onetsetsaninso kuti mwagula ya 4-pole, yozungulira pafupifupi ka 1,420 pa mphindi, ngati yakaleyo inali yotero. Mukagula ya 2-pole, ya 2,800, liwiro lonse lolembedwa pa lathe lidzawirikiza kawiri, zimene ndi ngozi kwa inu ndi kwa maberingi omwe.

Chimene chinanditopetsa ine ndi kadzukidwe kake. Mota ya single-phase ya 3 hp imakoka ma amp 13 kapena 14 ikamagwira ntchito, koma podzuka imakoka kasanu kaya kasanu ndi kamodzi kuposa pamenepo. Ndikangokankha chogwirira, mababu a nyumba yonse ankachita tsinzi, TV n'kuzima, mayi a kunyumba n'kutulukira pakhomo la shedi: "Bambo, mwayambanso? Ana akuwerengatu." Madzulo, anthu onse akayatsa mbaula zamagetsi ndipo mphamvu yatsika, motayo inkangolira huuu osadzuka, mpaka ndiithandize pozungulitsa ndi dzanja chaki, yomwe imapana chitsulo chosemedwa, chinthu chimene sindilangiza munthu aliyense. Komanso ntchito ya lathe ndi yoyatsa ndi kuzimitsa: wasema pang'ono, waima, wayeza, wayatsanso. Kapasita yodzutsira ndi kaswitchi kam'kati mwa mota sizinapangidwire kudzuka kambirimbiri pa ola limodzi. Kapasita yanga inaphulika ndili pakati posema mabushi a shafiti ya chigayo, mwini wake atakhala pabenchi akudikira.

Pali china chimene ambiri sachiona msanga. Mota ya single-phase sikoka mosalala, imanjenjemera pang'ono. Mukadula komaliza ndi mpeni wakuthwa bwino, n'kutembenuzira chitsulocho kudzuwa, mumaona timizeremizere tating'ono ngati mafunde a pa Chilwa kukakhala kamphepo. Pa ekiselo ya ngolo zilibe kanthu. Pamalo pokhala beringi zimaoneka.

Njira yachiwiri ndi VFD, ena amangoti invata. Ndi kabokosi kolandira single-phase ya 230V n'kutulutsa three-phase ya 230V, ndipo mota yakale ija imakhala pomwe inali, pule yomweyo, malamba omwewo. Apa ndiye pofunika kudekha, chifukwa ndalama za anthu zimathera pa mfundo imodzi: VFD wamba situlutsa 400V imene three-phase ya ESCOM imapereka. Musanagule, pukutani kachitsulo kolembedwa pa mota muwerenge. Pakalembedwa 230/400V, kapena 220/380V, kapena 240/415V, muli ndi mwayi. Tsegulani kabokosi ka mawaya, mupeza mabawuti asanu ndi limodzi ndi timalata titatu. Timalata tija tikakhala mopingasa n'kulumikiza mabawuti atatu pamodzi, imeneyo ndi star, ya 400V. Titembenuzeni tiime chilili, kamodzi pa mabawuti awiri alionse, yasanduka delta, ya 230V. Ndi ntchito ya mphindi khumi.

Pakatuluka mawaya atatu okha, ndiye kuti mfundo ya star anaikwirira m'kati mwa mota. Yanga inali yotero. Ndinainyamula kupita nayo kwa bambo wina womanga mamota, anaitsegula, anaipeza mfundoyo pansi pa vanishi, n'kutulutsa mawaya ena atatu. Koma ikakhala mota ya maliwiro awiri, kapena yolembedwa 400/690V, musalimbane nayo. Sakani mota ina ya three-phase ya 230/400V, zakale zimapezeka.

Kusiyana kwake ndinakumva tsiku loyamba. Ndinaikonza kuti izidzuka m'masekondi atatu, ndipo chaki imanyamuka pang'onopang'ono, mababu osaphethira n'komwe. Kubwerera m'mbuyo n'kosavuta, chinthu chothandiza kwambiri podula mazinga a mamilimita pa lathe ya mainchi, pamene sumasula nati ya leadscrew, chitsulo chachitali cha mazinga choyendetsa mpeni, mpaka mazinga atatha. Liwiro umalisintha ndi kachitsulo kopotokola mpeni uli m'kati modula: chitsulo chikayamba kulira, watsitsa pang'ono, chaleka. Ndipo magetsi akazima, monga zinalili mu 2022 namondwe Ana atawononga Kapichira n'kuchotsa pafupifupi 130 MW, jenereta yapakatikati imatha kudzutsa lathe ya VFD, pomwe mota ya single-phase yofanana nayo mphamvu imaitsamwitsa.

Sindikufuna kuikometsera mopitirira. VFD ndi yosachedwa kupsa mtima, ndipo ili ndi malamulo ake. Pakati pa iyo ndi mota pasakhale switchi iliyonse. Chogwirira chakale cha lathe chilumikizidwe ku timawaya ta control ta VFD, osati ku mawaya a mota. Kapampu ka madzi oziziritsa ndi nyali ya lathe, ngati zinali za 400V, zifunika kuzipezera njira yakeyake. Ya 2.2 kW imatha kukoka ma amp 20 ikalemedwa, ndiye pulagi ya 13A ija sikwanira: pafunika waya wakewake wochokera pa bokosi la mabuleka, ndi earth yeniyeni, ndipo ameneyu aike ndi m'misiri wa chiphaso cha MERA. Mukaizimitsa dikirani mphindi zisanu kapena kuposerapo musanakhudze m'kati, makapasita ake amasunga moto wopha munthu.

Adani ake kuno kwathu ndi atatu: nyenyeswa za chitsulo, chinyontho ndi mphenzi. Kanyenyeswa kamodzi kakagwera m'kati kudzera pa fani, yatha. Yanga ili m'bokosi lachitsulo pakhoma, kutali ndi chaki, mabowo a mpweya ali pansi ndi m'mbali. Kuyambira Novembala mpaka Malichi, mitambo ikangoda pamwamba pa phiri la Zomba, ndimatsitsa buleka yake, ndipo usiku uliwonse imagona yozimitsa. Ikafa, simungayembekeze kuti ikonzedwa pa msika. Nthawi zambiri ndi kugula ina, ndipo katundu wochokera kunja anakwera kwambiri kwacha itatsika ndi 44 peresenti mu Novembala 2023.

Musatayenso magiya poti pali kopotokola. Mukatsitsa liwiro pa VFD kuchoka pa 50 Hz, omwe ndi a magetsi a ESCOM, kufika pa 15 Hz, mphamvu ya mota imatsikira limodzi, fani yake imazungulira mwaulesi, mota n'kutentha. Pa lathe ya magiya osambira mu oyilo, oyiloyo amafika m'maberingi chifukwa magiya akumumwaza. Ine ndimasankha giya yoyenera kaye, kenako n'kumasewera pakati pa 30 ndi 60 Hz. Anzanga a lathe ya Myford ML7 ndi ena amene chaki yawo ndi yopotera pa mazinga, musaikonze VFD kuti iziima mwadzidzidzi: chaki imatha kumasuka n'kugudubuzika.

Yachitatu ndi kupempha ESCOM kuti akukokereni three-phase. Mwa zonse, iyi ndiyo imasiya lathe monga anaipangira, osasintha waya ndi umodzi womwe. Mnzanga wa ku Songani uja lathe yake, makina owotcherera ndi chigayo zonse zimadya pamenepo, ndipo kwa iye palibenso chokambirana. Koma mtengo wake umadalira kutalika kwa pamene mawaya anayi akudutsa, ndipo mawaya a shedi yonse ayenera kukonzedwanso. Kwa munthu wa lathe imodzi kuseri kwa nyumba, makamaka ya lendi, n'kugula ng'ombe pofuna mkaka wa tiyi. Zomangira makapasita pa mota ya three-phase kuti inamizire gawo lachitatu ndaziona, imadzuka ndithu, koma mphamvu imachepa ndipo mota imatentha, sindiziwerengera.

Ndiye amene muli ndi lathe yosapitirira 3 hp, mota yake ili yamoyo ndipo ingalowe mu delta, ine ndikuti VFD, mosakayika. Single-phase ndingaivomere pa lathe yaing'ono ngati Myford, ya mota ya theka kaya magawo atatu mwa anayi a hp, imene kudzuka kwake sikugwedeza nyumba, kapena kwa mnzathu wa ku Jali kaya ku Kachulu amene chinthu chikafa akufuna chikonzedwe pafupi. Mota ya single-phase ndinaichotsa ija sindinaigulitse. Ndinaigulira kapasita ina, pano ikuyendetsa kompuresa, ndipo pule yake ndinaisunga m'kabati ya lathe, yokulunga m'kansanza ka oyilo, kuchitira tsiku limene mphenzi idzandipeze ndisanatsitse buleka.