Franklinite kapena magnetite?

Mnzanga wa ku Dedza amene amagulitsa miyala kwa alendo ku Rosebank, mumzinda wa Johannesburg, anabwera ndi mwala wakuda bii, akuti ndi franklinite. Ndinangoti, "Achimwene, tapezani maginito kaye."

Pamaso, miyala iwiriyi ndi mapasa: yonse yakuda, yolemera, yonyezimira ngati chitsulo. Koma magnetite amakakamira maginito mwamphamvu, pamene franklinite amangokokedwa pang'ono. Mukapala kuseri kwa thailosi yoyera, magnetite amasiya mzere wakuda, wa franklinite umakhala wofiirira. Ine ndimadalira kwambiri mzerewu.

Magnetite ndi wosasowa kuno ku South Africa, wadzaza m'miyala ya Bushveld kumpoto kwa Pretoria, komwe amachotsamo chitsulo chotchedwa vanadium. Franklinite kwawo ndi ku Franklin ndi Sterling Hill, ku New Jersey m'dziko la America. Kumeneko ankamukumba kuti apeze zinc, ndipo zotsalira zokhala ndi manganese zinkapita kopanga chitsulo. Mgodi wa Sterling Hill unatsekedwa mu 1986, n'chifukwa chake osonkhanitsa miyala amamulimbirana, makamaka akakhala pamodzi ndi miyala ina monga zincite wofiira ndi willemite wowala mobiriwira pa nyale yapadera ya UV (ultraviolet).

Mwala wa mnzangayo unangodumphira pa maginito, kuti mba!