Wailesi yochenjeza za nyengo: wogulitsa ananama, koma chenjezo linatipeza pa nthawi yake

Ndagwiritsa ntchito wailesi yam'manja imeneyi kuyambira nyengo yotentha yapitayi, ndipo ndikulemba ndemangayi ndili ndi dandaulo limene wogulitsa sanaliyankhe mogwira mtima mpaka lero. Pa tsamba lake analemba momveka bwino kuti wailesiyi ili ndi SAME, njira imene imalola munthu kulowetsa nambala ya dera lake, ya manambala 6, kuti wailesi izilira pokhapokha ngozi ikakhudza deralo. N'chifukwa chake ndinalolera kulipira mtengo uja, umene aliyense amene wayerekezapo akudziwa kuti ndi wokwera kuposa wa mawailesi ena ofanana nayo. Itafika ndinaitembenuza mbali zonse, kabuku kake ndinakawerenga mpaka tsamba lomaliza, koma polowetsera nambala panalibe. Chimene ili nacho ndi batani limodzi lolembedwa kuti Alert. Mukalisindikiza wailesi imakhala duu, n'kumadikirira kulira kwa 1050 Hz kumene bungwe la boma la America loona za nyengo, la National Weather Service, limatumiza lisanalengeze chenjezo, ndipo ikangomva kulirako imadzuka, kaya ngoziyo ndi ya kwanu kaya ndi ya anthu okhala kutali.

Ena angaone ngati imeneyi ndi nkhani yaing'ono, koma kwa munthu amene ali ndi ana m'nyumba si yaing'ono. Nsanja imodzi ya NOAA Weather Radio, wailesi ya boma youlutsa za nyengo ndi machenjezo, imamveka pa mtunda wa makilomita pafupifupi 64 ngati malo ali a fulati, ndipo mkati mwa mtunda umenewu mumakhala maboma ang'onoang'ono angapo, amene kuno ku America amatchedwa county. Miyezi ya mabingu itafika, wailesiyi inkatidzutsa pakati pa usiku chifukwa cha mkuntho umene unali kudutsa m'maboma ena, kunja kwathu kuli zii. Ana akadzidzimuka sankagonanso msanga, ndipo mayi a kunyumba anafika pondiuza kuti, "Bambo, izi zatikwana, muziizimitsa usiku." Zimenezi ndi zomwe SAME inapangidwira kuti zisamachitike, chifukwa banja likatopa ndi machenjezo osalikhudza limazimitsa wailesi, ndipo tsiku la ngozi yeniyeni limakhala lilibe cholidzutsa.

Ndinalembera wogulitsa imelo yofotokoza zonsezi mwaulemu. Yankho linabwera lakuti nditambasule eriyo ndiponso nditchaje batire mokwanira, zinthu zosagwirizana n'komwe ndi zimene ndinafunsa. Nditalembanso, yankho lomwelo linabweranso osasintha ngakhale liwu limodzi, ndipo pamenepo ndinadziwa kuti palibe amene anawerenga kalata yanga. Nditaimba foni ndinalankhula ndi mayi wina wa ku ofesi yothandiza makasitomala, amene anaumirira kuti Alert ndi SAME ndi chinthu chimodzi. Nditawapempha kuti andiuze batani lolowetsera nambala ya dera, anandiuza kuti ndidikire pang'ono, ndipo foni inaduka. Pamene anavomera zoti ndibweze katunduyo, anati ndalama zotumizira ndilipire ndekha, ngakhale kuti cholakwa chinali chawo, ndiponso masiku obwezera anali atatsala pang'ono kutha chifukwa cha kuzengereza kwawo komweko. Ndinaganiza zongokhala nayo, koma mtima unali wowawa.

Zina zimene analonjeza nazonso n'zokokomeza. Kasola kali pamwamba pake ndi kakang'ono kwambiri, moti ngakhale mutaiika padzuwa tsiku lonse batire silidzaza, kamangothandiza kuti lisatheretu. Chopukusira chake, chimene mumazunguza ndi dzanja kuti chitchaje batire, chimagwira ntchito ndithu ngati mukufuna kumvera wailesi kapena kuyatsa tochi kwa kanthawi, koma zoti chingatchaje foni monga amasonyezera pa chithunzi chawo ndi nthano, chifukwa mkono umatopa foni isanasonyeze kusintha kulikonse.

Maganizo anga anayamba kusintha pa ulendo umene tinapita kukagona m'tenti m'chigwa china cha m'mapiri a Appalachia. Tinamanga tenti pafupi ndi kamtsinje kamene madzi ake ankalekeza m'akakolo, ndipo netiweki ya foni inatha tisanafike n'komwe pamalopo, zomwe zikutanthauza kuti machenjezo amene amabwera pa foni sakanatipeza. Madzulo ndinayesa matchanelo onse 7 a NOAA Weather Radio, kuyambira 162.400 mpaka 162.550 MHz, ndipo imodzi yokha ndi imene inamveka, mwa apo ndi apo, pamene ndinatambasula eriyo yonse n'kupachika wailesi pa chingwe cha pamwamba mkati mwa tenti. Mawu a kompyuta amene amaulutsa za nyengo pa tchanelopo ankanena kuti usikuwo kungagwe mvula yamphamvu ndiponso kuti madzi angasefukire m'madera ena a m'mapiri. Kumwamba kunali nyenyezi, pamalo pathu panalibe ngakhale dontho, choncho ndinaisiya pa Alert ndipo tinagona.

Pakati pa usiku inalira, ndipo kulira kwake n'kwakuti munthu sangapitirize kugona ngakhale atatopa bwanji. Kanyali kofiira kankathwanima pamwamba pa mitu yathu, kenaka mawu anayamba kulengeza Flash Flood Warning, chenjezo lakuti madzi akusefukira kapena atsala pang'ono kusefukira, ndipo pa maboma amene anatchulidwa panali limene tinalimo. Anatchulanso mitsinje ing'onoing'ono ndi malo otsika, n'kulangiza kuti aliyense asamukire kumtunda nthawi yomweyo. Pa tenti yathu pankangowaza timadontho, koma kumtunda kwa chigwa ziphaliwali zinkang'anima mosalekeza, ndipo mabingu ankamveka chapatali. Ndinadzutsa mayi a kunyumba, tinanyamula ana ali m'tulo, tinatenga makiyi, nsapato ndi wailesiyo, zina zonse tinazisiya. Tochi yake ndi imene inatiunikira pa kanjira kokwera kopita pamene tinasiya galimoto, ndipo mwana wamkulu ndiye ankaigwira, uku mawu aja akubwerezabwereza chenjezo m'manja mwake. Tinagogodanso pa tenti ya anthu ena amene anamanga cha kumunsi kwathu. Poyamba anakayikira chifukwa mvula sinali kugwa, koma atamva okha dzina la boma likutchulidwa pa wailesi anatuluka osafunsanso zambiri.

Tili m'galimoto kumtunda, phokoso la kamtsinje kaja linasintha. Linayamba ngati mphepo yowomba m'mitengo, kenaka tinamva miyala ikugubuduzika ndi nthambi zikuthyoka, ndipo apa n'kuti mvula itafika kumene pamalo pathu. Sitinayese kuchoka ndi galimoto usiku umenewo chifukwa msewu unkadutsa pa kamlatho kotsika, ndipo malangizo a National Weather Service ndi omveka: madzi othamanga okwera masentimita 15 okha angagwetse munthu wamkulu, okwera masentimita 30 angakokolole galimoto yaing'ono. Kutacha tinapeza tenti yathu itakulungidwa pa tsinde la mtengo, yodzaza matope ndi zinyalala, ndipo mzere wa matope pa makungwa unkafika m'chiuno mwanga. Pamalo pamene panagona ana panali mwala waukulu umene dzulo lake kunalibe.

Kuchokera usiku umenewo sindingathenso kuinyoza wailesiyi monga ndinkachitira. Madzi a mtundu umenewu amachokera ku mvula imene yagwa kumtunda, kutali ndi pamene munthu ali, moti amene akudalira maso ake okha amazindikira mochedwa, ndipo m'chigwa chopanda netiweki chida chokhacho chimene chinatha kutiuza ndi chimenechi. Ndaonanso kuti pa ulendo kusowa kwa SAME sikupweteka ngati mmene kumapwetekera kunyumba. Wailesi ya SAME imafuna kuti mukasintha dera mulowetse nambala yatsopano, kapena muisinthe kuti izilandira machenjezo a madera onse, ndipo munthu akaiwala zimenezi imakhala chete uku ikudikirira nambala ya kwawo. Iyi imalira pa chenjezo lililonse lochokera ku nsanja imene mwatchera, ndipo kwa munthu wogona kutchire zimenezi n'zabwino. Chofunika n'chakuti mudziwiretu dzina la boma limene mukukagonako komanso la maboma oyandikana nalo, chifukwa mawu aja amatchula maboma, mitsinje ndi matauni, nthawi zambiri satchula dzina la malo amene mwamangapo tenti. Zimenezi sizikuchotsa mlandu wa wogulitsa, popeza ine ndinalipira wailesi yoti izithandiza kunyumba ndi paulendo pomwe, ndipo theka la zimene ndinalipira sindinalandire.

Pa nkhani ya kamvekedwe, m'tauni imagwira bwino ngakhale eriyo isanatambasulidwe yonse, koma m'zigwa ndi kuseri kwa mapiri mafunde ake amafooka kwambiri, choncho muziiyesa dzuwa lisanalowe ndipo muziisiya pamalo okwera pamene yamveka bwino, osati pansi m'chikwama. Kunyumba njira yosavuta yodziwira ngati ikugwirabe ntchito ndi kudikirira kuyesa kwa mlungu ndi mlungu, kumene nthawi zambiri kumachitika Lachitatu chakumasana ngati kulibe nyengo yoopsa. Yanga imalira pa kuyesa kumeneku mosalephera ikakhala pafupi ndi zenera. Batire lake la mkati limatha msanga mukaisiya pa Alert usana ndi usiku popanda kuilumikiza ku magetsi, ndipo chimene chimandithandiza ndi malo ake oikamo mabatire a AAA, amene ndimawasunga padera m'kathumba kosalowa madzi kuti asadonthere mkati. Kachivindikiro ka rabala kotseka polowetsera USB n'kofewa, kanga kayamba kale kung'ambika, ndipo ngakhale wailesiyi inapirira mvula ya usiku uja sindingaikhulupirire itagwera m'madzi. FM ndi AM zimamveka mokwanira kumvera nkhani magetsi akazima.

Pali chinthu china chimene tsamba la wogulitsa silitchula n'komwe, ndipo n'chofunika kwa amene akuganiza zogula wailesi yotere kuti atumizire achibale okhala m'mayiko ena. Alamu yake imadalira nsanja zoulutsa machenjezo pa matchanelo 7 aja, ndipo nsanja za NOAA, zomwe zilipo zoposa 1,000, zinamangidwa kuti zitumikire dziko la America ndi zilumba zake. M'dziko limene mulibe nsanja zoulutsa pa matchanelo amenewa, batani la Alert silidzalira ngakhale kunja kukubwera namondwe, ndipo wolandirayo adzakhala ndi wailesi wamba ya FM ndi AM yokhala ndi tochi, imene akanatha kuipeza pa mtengo wotsika kwambiri.