Malo omwera tiyi okongola mu Blantyre: zimene ndinapeza m'kapu

Loweruka lina mu Julayi, chiperoni chitakuta mzinda wa Blantyre, ndinapita kumalo ena atsopano omwera tiyi amene achinyamata akhala akuwatchukitsa pa Instagram ndi pa Facebook. Malowa ali m'nyumba yakale ya njerwa zowotcha m'dera lina lokhalamo anthu, ndipo eni ake anaikonza mwaluso: pakhonde anaikapo mipando ya nsungwi yokutidwa ndi zitenje, m'makoma anakolekamo malichero ndi madengu, ndipo maluwa ofiira ayanga mpaka padenga. Palibe ngodya imene munthu sangajambulepo chithunzi chabwino, moti pa nthawi imene ndinakhalapo, atsikana atatu anali kusinthana foni pakhoma lomwe lili ndi maluwalo tiyi wawo akuzizira patebulo.

Ine ndinapitako chifukwa cha tiyiyo. Dziko lathu lakhala likulima tiyi kuyambira m'zaka za m'ma 1890, pamene minda yoyamba inatsegulidwa ku Mulanje, koma ambiri a ife timangodziwa tiyi wamasamba ophwanyika amene timathira mkaka ndi shuga wambiri m'mawa. Apa ndinapeza tiyi wamasamba athunthu wochokera kumunda wa Satemwa ku Thyolo, umene unakhazikitsidwa mu 1923, ndipo anali ndi mitundu ingapo: wakuda, wobiriwira, woyera, ndi wina wosakaniza ndi chidede. Mitundu itatu yoyambayo imachokera ku chomera chimodzi. Chimene chimasiyanitsa ndi mmene masambawo amawasamalira akangowathyola, makamaka nthawi imene amawalola kuti achite dzimbiri ndi mpweya asanawaumitse.

Ndinayamba ndi tiyi wobiriwira, ndipo apa m'pamene ndinaona kuti pamalopa pali munthu wodziwa ntchito yake. Mtsikana woperekera alendo anabwera ndi tipoti yagalasi, nandiuza mwaulemu kuti, "Bambo, dikirani mphindi ziwiri kapena zitatu musanathire m'kapu, ndipo mulawe kaye musanaikemo shuga." Madzi ake sanali obwadamuka, ndipo zimenezi n'zoyenera, chifukwa madzi owira kwambiri amawawitsa tiyi wobiriwira. Masambawo anatambasuka pang'onopang'ono m'tipotimo mpaka ndinatha kuona masamba awiri ndi kansonga kake, monga mmene amayi a ku Thyolo amathyolera m'minda nyengo yadzinja. Kukoma kwake kunali kofatsa, konunkhira ngati udzu wongomweta kumene, ndipo shuga sindinamufunenso. Atandithiriranso madzi kachiwiri pamasamba omwewo, tiyiyo anakomabe.

Tiyi wakuda amene ndinaitanitsa pambuyo pake sanandisangalatse chimodzimodzi. Anthu anali atachuluka, magetsi anazima, ndipo podikira kuti jenereta ilire, tiyiyo anakhalitsa m'tipoti mpaka anafika ali wofunda chabe komanso wowawa pakhosi. Nditadandaula anandipepesa n'kundibweretsera wina popanda kundilipiritsa, zomwe ndinaziyamikira, koma zikuonetsa kuti ogwira ntchito awiri sangakwanitse kusamalira matebulo onse pa Loweruka masana.

Pa zakudya, chikondamoyo chawo chinali chofewa ndi chotentha bwino, ndipo chinagwirizana ndi tiyi kuposa keke yokongoletsedwa imene anthu ambiri anali kuitanitsa chifukwa cha maonekedwe ake. Sikono inali youma pang'ono.

Mitengo ndi yokwera, ndipo sindibisa. Tipoti imodzi ndi kagawo ka chikondamoyo zinandidyera ndalama zoposa zimene ndimalipira nsima ya nkhuku m'malesitilanti wamba ku Limbe. Kwa tiyi wobiriwira uja ndinaona kuti ndalamayo inapita m'malo mwake, poganizira ntchito yamanja imene imakhalapo kuti tsamba lifike lathunthu m'kapu. Chimene chinandikhudza n'chakuti pamndandanda wa zakumwa sanalembepo chilichonse chokhudza kumene tiyiyo amachokera. Ndinadziwa zoti ndi wa ku Thyolo chifukwa ndinachita kufunsa. Eni malowa anawononga ndalama zambiri pokongoletsa makoma, koma chinthu chimene akanayenera kunyadira kwambiri, chomwe chimalimidwa pamtunda wosakwana ola limodzi pagalimoto kuchokera pakhomo pawo, anachisiya osachitchula. Wachinyamata amene wabwera kudzajambula akhoza kuchoka akuganiza kuti wamwa tiyi wa kunja.

Amene mukufuna kupitako, sankhani m'mawa wa pakati pa sabata pamene pamakhala bata, mukhale pakhonde lakumbuyo kumene kulibe mzere wa ojambula, ndipo muitanitse tiyi wobiriwira kapena woyera wopanda mkaka. Ine ndidzabwererako kukalawa wa chidede uja, amene tsikulo anali atatha ndisanafike.