Kathabwa kowala ndi maikulosikopu ya USB: zandifikitsa pati pofufuza eni masitampa obooledwa zilembo

Nditangogula zipangizo ziwirizi ndinalemba mawu ochepa oziyamikira. Chimodzi ndi kathabwa kowala ka LED, kamene ogulitsa amati light pad, china ndi maikulosikopu yaing'ono yolumikiza ku laputopu ndi chingwe cha USB. Nthawi imeneyo ndinangoti zonse zikuwala bwino ndipo sizivuta kugwiritsa ntchito, n'kulonjeza kuti ndidzanenanso zikakhalitsa. Pano zapirira chisanu cha Juni, fumbi la Okutobala ndi chinyezi cha dzinja kuno ku Area 25, ndiye ndikhoza kulankhula mosakayika. Kathabwako ndalama zake sizinapite pachabe. Maikulosikopuyo ili ndi ntchito yake, koma yochepa kusiyana ndi zimene katoni yake imalonjeza. Ndipo pa ziwirizi palibe chimene chingakuuzeni dzina la kampani imene inaboola sitampa.

Kwa amene simunawaonepo, alipo masitampa akale okhala ndi timabowo ting'onoting'ono pakati, tondandalikidwa bwino n'kupanga zilembo. Si njenjete ayi, anabooledwa dala, ndipo osonkhanitsa masitampa amawatchula kuti perfin. Zinayambira ku Britain, kumene kale munthu ankatha kupita ku positi ofesi ndi masitampa osagwiritsidwa ntchito n'kukawasinthitsa ndi ndalama. Makalaliki ndi anyamata otumidwa anapezerapo mwayi, masitampa a abwana ankangosowa m'madirowa. Joseph Sloper wa ku London anali atalembetsa makina ake oboolera mapepala mu 1858, ndipo mu 1868 akuluakulu a positi analola kuti makampani aziboola zilembo zawo pa masitampa. Sitampa yotere kalata inkayendetsa bwinobwino, koma pa kauntala sankaigulanso. Ku America analola zimenezi mu 1908. Chimene chinadzazilalitsa mchitidwewu pang'onopang'ono ndi makina odinda mtengo wa positi pa envulopu penipenipo, amene ku Britain anayamba mu 1922.

Ambiri mwa amene ndili nawo anachokera m'chitini cha mabisiketi cha malemu amalume, amene anali kalaliki pa sitolo ina yaikulu ku Limbe ndipo ankakonda kudula ngodya za maenvulopu ochokera kunja. Ochuluka ndi a ku Britain a nthawi ya mafumu George V ndi George VI. Ochepa a Mfumukazi Victoria ndinachita kusinthana ndi mnzanga. Kuno ku Lilongwe musavutike n'kuzungulira ku Old Town kuti muwapeza. Mzinda uno unakhala likulu mu 1975, ndipo makalata a malonda a nthawi ya atsamunda ankathera ku Blantyre, ku Limbe ndi ku Zomba. Amene muli ndi abale kumeneko funsani za masutikesi akale asanawatenthe.

Ndiyambe ndi kathabwako, chifukwa ndiko kandigwirira ntchito yaikulu. Sitampa ukaiyang'ana kumaso, nkhope ya mfumu ndi inki ya chidindo zimasokoneza diso, timabowo tina sitioneka n'komwe. Ukaivundikira pa kathabwa kowala, kabowo kalikonse kamayaka pakokha ndipo umawerenga osatsinzina. Kuwerengako ndiye maziko a ntchito yonse, chifukwa katalogi, buku la mndandanda wa masitampa obooledwawa ndi eni ake odziwika, simangolemba zilembo zokha. Imalemba timabowo tingati pa chilembo chilichonse, kutalika kwa chilembo m'mamilimita, ngati pali kadontho pakati pa zilembo, ngati zili pa mzere umodzi kapena iwiri, mpaka kapangidwe ka chizindikiro cha &. Makampani awiri akhoza kukhala ndi zilembo zofanana ndendende, kusiyana n'kukhala kabowo kamodzi pa mwendo wa chilembo, kapena theka la milimita. Chitsanzo chodziwika bwino ndi masitampa a boma la Canada obooledwa OHMS: ena ali ndi timabowo 5 pa mwendo wa H ndi M, ena 4, ndipo osonkhanitsa amawaika m'magulu awiri osiyana, mitengonso yosiyana.

Musadabwe zilembo zikatuluka chadodolido, cham'mbali kapena chobwerera m'mbuyo. Kalaliki wofulumira kuweruka ankapinda pepala lonse la masitampa kangapo n'kuliboola pamodzi, ndiye makina amodzi omwewo ankatulutsa zilembo zoloza mbali zosiyanasiyana. Pa kathabwa zimenezi sizivuta, umangotembenuza sitampayo mpaka iwerengeke.

Koma chimene ndimakakondera koposa ndi ichi. Ukakhala ndi masitampa awiri amene ukuganiza kuti anaboola ndi makina amodzi, umawasanjikiza, n'kumasuntha wapamwambayo pang'onopang'ono ndi kachitsulo kopanira. Ngati makinawo ndi amodzidi, pamafika pena pamene timabowo tonse timayakira limodzi. Ngati ndi osiyana, ungasunthe bwanji, tina timakhalabe totseka. Palibe rula kapena pulogalamu ya pa kompyuta imene yandipatsa yankho lomveka ngati limeneli. Mwa njira yomweyi ndayamba kuzindikira makina othoka singano. Singano imodzi ikathoka, sitampa iliyonse yobooledwa pambuyo pake imasowa kabowo pamalo omwewo, ngati munthu wagweluka dzino amene umamuzindikira akangoseka. Ukakhala ndi angapo okhala ndi madeti owerengeka, umatha kuona kuti singanoyo inathoka cha liti, ndipo ina yopanda deti umadziwa kuti ndi yam'mbuyo kapena yam'tsogolo. Chenjezo n'lakuti makina ena ankaboola masitampa angapo nthawi imodzi, mutu uliwonse wosiyanako pang'ono ndi unzake, choncho kusiyana kwakung'ono sikutanthauza kampani ina nthawi zonse.

Pa za kulimba, kakalambako ndithu. Pamwamba pake ndi pulasitiki, ndipo fumbi la Lilongwe lakakanda timizere tambirimbiri, makamaka ukapukuta ndi nsalu youma. Pano ndimayamba ndauzira kenako n'kupukuta ndi kansalu ka magalasi a m'maso. Polowetsa chingwe pakhwepa, ukangogunda tebulo kamaphethira. Manambala a rula amene anadinda m'mbali mwake musawakhulupirire, nditawayerekeza ndi rula yachitsulo sanagwirizane, ndipo pa ntchito ya theka la milimita zimenezo n'zosokeretsa. Komabe sikatentha, moti sitampa yokhala ndi guluu kumbuyo siipindika ngakhale itakhalapo nthawi. Kamadya moto pang'ono, magetsi akathima power bank imakayendetsa madzulo onse. Kuwala ndimaika kotsikitsitsa, chifukwa kwamphamvu kumalowerera m'pepala lopyapyala, timabowo n'kumaoneka tokula kuposa m'mene tilili, maso nawonso amawawa.

Maikulosikopu nkhani yake ndi ina. Vuto lake lenileni ndi lakuti imakulitsa mopitirira. Pa sikirini umaona chilembo chimodzi, mwina theka lake, pamene iwe ukufuna kuona zilembo zonse pamodzi ndi mipata yake. Kamwendo koimikira n'kogwedera, ukangokhudza pokonzera chithunzi zonse zasuntha, ndipo chilowereni fumbi pokonzerapo pamalimba. Pulogalamu yake imati imayeza mamilimita, koma umayenera kuyiyesa ndi rula nthawi iliyonse ukasintha kakulidwe ka chithunzi. Ndinaisiya. Pofuna chithunzi choti ndifananitse ndi katalogi, ndimaika sitampa pa kathabwa, rula yoonekera pambali, n'kujambula ndi foni kuchokera pamwamba penipeni.

Sindikuti ndi yachabe. Pali ntchito zina zimene palibe china m'nyumba muno chingazigwire. Imaonetsa malo amene singano inangodinda pepala osaboola, amene pa kathabwa sayaka ndipo ukhoza kuwerenga mopereweza. Imaonetsanso milomo ya kabowo. Makina enieni amadula pepala n'kuchotsa kachidutswa, pamene wachinyengo wobaya ndi singano yosokera amangokankhira pepalalo kumbuyo, n'kusiya kamlomo kotukuka. Achinyengo alipo, makamaka pa masitampa a boma amene ali ndi mtengo. Pa Penny Red, sitampa yofiira ya Victoria ija, nambala ya mbale yosindikizira inabisika m'timaluwa ta m'mbali, kuyambira 71 mpaka 225, ndipo ndi maso okha ambirife sitingaiwerenge.

Ntchito yake yaikulu kwa ine ndi kuwerenga zidindo zofufutika. Masitampa a nthawi ya Victoria ambiri anadindidwa nambala m'malo mwa dzina la tauni: 466 ndi Liverpool, 498 ndi Manchester, 75 ndi Birmingham. Scotland ndi Ireland anali ndi mndandanda wawowawo, ndiye uyenera kuonanso maonekedwe a chidindocho. Cha ku England n'chozungulira motalikirako, cha ku Scotland n'changodya zinayi, cha ku Ireland n'chosongoka pamwamba, pansi ndi m'mbali. Nambala 159 ikakhala m'chidindo cha ku Scotland ndi Glasgow, 131 ndi Edinburgh, koma nambala yomweyo m'chidindo cha ku England ndi tauni ina. Ukadziwa tauni ndi chaka, makampani oti uwaganizire amachepa kwambiri.

Apa m'pamene zipangizo zimathera. Zimakufikitsa poti makina ake ndi awa, tauni yake ndi iyi, zaka zake ndi izi. Dzina ayi. Zilembo zina n'zosabisa, GWR ndi Great Western Railway, chisoti chachifumu pamwamba pa B.T ndi Board of Trade. Koma ku Britain kokha mitundu ya zilembo zobooledwa imene yalembedwa imaposa 20,000, ndipo yambiri ndi ya zilembo ziwiri kapena zitatu zimene zingaimire aliyense. Ife a kuno tikaona A, L ndi C mtima umathamangira ku Mandala, poti African Lakes Corporation likulu lake linali ku Glasgow ndipo inkalemberana ndi Blantyre nthawi zonse. Kuganiza n'kololedwa, koma kuganizako si umboni. Ine zongoganizira ndimalemba ndi pensulo, n'kuikapo chizindikiro cha funso.

Umboni umene anthu a ntchitoyi amauvomereza ndi sitampa imene ikadali pa envulopu yokhala ndi dzina la kampani, kaya kutsogolo kaya pa chotsekera kumbuyo. Lisiti lakale limathandizanso, chifukwa ku Britain ankamata sitampa pa malisiti, ndipo lisiti limakhala ndi dzina ndi adiresi pamwamba. N'chifukwa chake ndikupemphani, anzanga, mukapeza envulopu yathunthu musaidule, musainyike m'madzi kuti muchotse sitampa. Sitampayo payokha kawirikawiri mtengo wake ndi wochepa, chofunika ndi pepala limene yamatidwapo. Mwa tingodya ta amalume, tothandiza kwambiri ndi timene lumo linapitirira n'kutengako chidutswa cha chotsekera, pamene patsala zilembo zingapo za dzina kapena msewu.

Palinso mafunso awiri amene anthu amawasakaniza: amene ankagwiritsa ntchito masitampawo, ndi amene anapanga makina oboolerawo. Makampani ena ankagula makina awoawo n'kumaboolera mu ofesi, ena ankangoitanitsa masitampa obooledwa kale kwa Sloper. Ufulu wa Sloper wopanga yekha makinawa unatha mu 1872, ndipo ena analowa nawo m'malondawa. Mu 1941 mabomba anawononga malo a kampaniyi ku London, ndiye masitampa ena a nthawi ya nkhondo anabooledwa ndi zilembo zongogwirizira, zosiyana ndi za kale za makampani oitanitsawo. Izi zonse sungazitulukire pa tebulo pako. Zili m'makatalogi a bungwe la Perfin Society la ku Britain, limene linayamba mu 1957, makamaka amene anakonza Roy Gault, ndipo a ku America ali ndi Perfins Club kuyambira 1943. Kwa ife chovuta ndi kulipira ndalama zakunja, koma amene watsimikiza za ntchitoyi aike ndalama zake pa katalogi asanaganize za maikulosikopu.

Mukapeza sitampa ya Nyasaland yobooledwa mawu akuti SPECIMEN, musafunefune kampani. Kuyambira 1928 mpaka 1948 masitampa achitsanzo a maiko olamulidwa ndi Britain, amene ankatumizidwa ku bungwe la positi la dziko lonse ku Bern, ankabooledwa motero. Chimodzimodzi SG pa masitampa a Sudan ndi boma la kumeneko, AS ndi asilikali, ndipo OS pa a Australia ndi makalata a boma.

Dzinja landiphunzitsanso za kasungidwe. Sitampa yobooledwa ndi yofooka kale, ikachita chinyezi imang'ambikira m'timabowo momwemo. Mabuku osungira ndimawaimika chilili, kutali ndi khoma, ndipo m'kabati ndaikamo timapaketi toyamwa chinyezi timene timabwera m'makatoni a nsapato, kuopa chuku. Kachitsulo kopanira kakhale kamutu wophwatalala, kosongoka kamakola m'timabowo.

Amene mukufuna kuyamba, gulani kathabwa kakang'ono, kofanana ndi tsamba la kope n'kokwanira, ndi rula yoonekera yokhala ndi timizere ta theka la milimita. Pa zidindo yambani ndi galasi lokulitsira la m'manja lokulitsa ka 10, limagwira gawo lalikulu la ntchito imene maikulosikopu imagwira. Maikulosikopuyo mudzaifune mukayamba kugula masitampa a boma odula amene achinyengo amawatsanzira, ndipo podzagula muyang'ane yokhala ndi mwendo wachitsulo wosagwedera.