Chipatala cha mafupa chimene sichinakhutire ndi mawu oti gout

Kwa zaka ziwiri, mng'ono wanga wa zaka 29 ankamwa colchicine ndi allopurinol, mankhwala a gout (matenda otupitsa ndi kupweteketsa mfundo za mafupa), chifukwa cha chotupa chimene chinali pafupi ndi chala chachikulu cha kuphazi. Kumene ankapita poyamba anamupima magazi, napeza uric acid (asidi amene akachuluka m'magazi amatha kuyambitsa gout) wokwera pang'ono, nati ndi gout, ndipo anamuletsa nyama yofiira, zam'kati ndi mowa, umene sanaulawepo n'komwe.

Chipatala cholipira cha mafupa chimene tinapitako pambuyo pake, mumzinda wa Blantyre, ndikuchiyamikira chifukwa cha mafunso a dokotala wake. Anamuvulitsa nsapato, nakanikiza chotupacho ndi chala, nachiyeza ndi tepi, kenaka anafunsa ngati ululuwo umabwera mwadzidzidzi usiku, mfundo ya chala n'kufiira ndi kutentha, n'kuzizira pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, pakuti umo ndi mmene gout imachitira. Kwa mng'ono wangayo sizinali choncho. Chotupacho chinkangokula pang'onopang'ono osaphwa, mpaka nsapato ya kumanzere inasiya kulowa. Adokotalawo anatifotokozera kuti anthu ambiri amakhala ndi uric acid wokwera koma alibe gout, ndiponso kuti khansa yotchedwa synovial sarcoma, imene imakonda achinyamata ndi anthu a zaka zosapitirira 40, imatha kukhala m'phazi zaka zingapo ikuoneka ngati chinthu chosaopsa.

Ife tinkafuna kuti angochidula tsiku lomwelo, koma iwo anakana, ndipo tsopano ndikuona kuti anachita bwino, chifukwa kung'amba chotupa chosadziwika kumasiya khansa m'minofu yozungulira ndipo opaleshoni yotsatira imakhala yaikulu. Anayamba ndi kuunika ndi MRI, makina ojambula m'kati mwa thupi, kenaka anatenga kanyama kochepa kukapimitsa ku labotale. Zitatsimikizika kuti ndi khansa, anaunikanso chifuwa, popeza matendawa akafala amathamangira m'mapapo, ndipo anatilembera kalata yopita nayo ku Gulupu.

Zofooka zilipo. Palibe amene anatiuza mtengo wonse pachiyambi, motero ndalama tinkazisaka pang'onopang'ono, ndipo zotsatira za ku labotale tinazidikira masabata angapo popanda wotiimbira foni, ife tikungoyang'ana phazi lomangidwa bandeji. Benchi ya podikirira nayo ilibe potsamiritsa mwendo, chinthu chodabwitsa pamalo amene odwala ambiri amabwera akutsimphina.